Zosankha Zikachuluka M'kalasi

Chiyambi

Tsiku lina ndidapita kukaona mmodzi wa ophunzira athu amene adali pa nthaŵi yoyeserera kuphunzitsa pasukulu ina yakumudzi. Mtsikanayo adali wanzeru ndiponso wakhama, ndipo pakoleji sadatidetsepo nkhaŵa. Phunziro lake lidali la masamu mu Sitandade 3, la kuchotsera kobwereka. Adaloŵa m'kalasi atanyamula matchati atatu, thumba la zitsekerero za mabotolo, mitolo ya timitengo ndi makadi a manambala, ndipo adakonzanso nyimbo imene adaimva pafoni usiku wapitawo. Adayamba ndi nyimboyo. Nyimbo itatha adagaŵa zitsekerero, koma ana asanayambe kuŵerenga adapachika tchati. Ataona kuti ena sakumvetsa adatulutsa timitengo, kenaka makadi. Pamene belu linkalira, ana adali atagwira zinthu zambiri ndi kuseka kwambiri, koma nditayang'ana m'makope mwawo ndidapeza kuti oŵerengeka okha ndiwo adakhoza samu imodzi.

Titakhala pansi pa mtengo kuti tikambirane, mtsikanayo adati, "Bambo, ndagona pakati pa usiku ndikukonzekera. Njira iliyonse imene ndimapeza imaoneka yabwino, ndiye ndinalephera kusiyapo ina." Sadali waulesi mwana ameneyu. Chidamugwetsa ndi chimene akuluakulu adachiona kalekale pamene adati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

M'phunziro lino tiona chifukwa chake zosankha ndi zodziŵa zikachuluka zimalemetsa mutu wa munthu, ndiponso zimene mphunzitsi angachite kuti adzipeputsire katunduyo ndi kupeputsiranso ana ake.

Gwero la vutoli

Aphunzitsi akale amatiuza kuti vuto lawo lidali kusoŵa. Adali ndi buku limodzi, choko ndi bolodi basi. Kusoŵa kumeneko sikudathe. Kuyambira mu 1994, pamene maphunziro a pulaimale adakhala aulere m'Malaŵi, ana oposa miliyoni imodzi adawonjezereka m'sukulu nthaŵi imodzi, ndipo makalasi odzaza ndi mabuku ochepa zidakhala zinthu zozoloŵereka. Koma pamwamba pa kusoŵa kwa zipangizo pabwera kuchuluka kwa malangizo. Inu muli ndi silabasi, buku la mphunzitsi lochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi, zolemba za kukoleji, malangizo a mphunzitsi wokuyang'anirani pasukulu, mauthenga a m'magulu a pa WhatsApp ndi makanema a pa YouTube. Aliyense wa ameneŵa akuti njira yake ndiyo yabwino.

Anthu ena adaliona vutoli foni za m'manja zisanabwere. Mu 1970 mlembi wa ku America, Alvin Toffler, adalemba buku lotchedwa Future Shock, momwe adachenjeza kuti anthu adzavutika ndi kuchuluka kwa nkhani ndi kwa zosankha. Mu 1971 Herbert Simon, amene pambuyo pake adalandira mphoto ya Nobel mu 1978, adafotokoza chifukwa chake. Adati nkhani iliyonse imadya chidwi cha woilandira, motero pamene nkhani zichuluka, chimene chimasoŵa ndi chidwicho. Tsiku lili ndi maola 24 kwa mphunzitsi wa buku limodzi ndi kwa mphunzitsi wa foni yodzaza.

Ntchito ya uphunzitsi payokha ndi ya kusankha kosalekeza. Philip Jackson, m'buku lake la mu 1968 lotchedwa Life in Classrooms, adaŵerengera kuti mphunzitsi wa pulaimale amatha kulankhulana ndi ana mpaka ka 1,000 pa tsiku limodzi. Nthaŵi iliyonse pamakhala chosankha: ndiloze yani, ndimuyankhe uyu kapena ndipitirize, wochedwayu ndimulole kuloŵa kapena adikire, ndibwereze kapena ndipite patsogolo. Mphunzitsi watsopano amaganizira chilichonse mwa izi payekhapayekha. N'chifukwa chake ambiri a inu mumaŵeruka mutatopa ngati mwalima tsiku lonse.

Malire a mutu wa munthu

Akatswiri a za maganizo amasiyanitsa mbali ziŵiri za kukumbukira. Mbali ina imasunga zinthu kwa zaka zambiri, monga chilankhulo, njira ya kumudzi ndi mayina a abale. Imeneyi tingaiyerekeze ndi nkhokwe, ndipo ndi yaikulu zedi. Mbali inayo imagwira zinthu kwa kanthaŵi kochepa pamene tikuziganizira. Imeneyi ili ngati lichero. Chimanga chonse choloŵa m'nkhokwe ya mwana chimadzera m'lichero limeneli, ndipo mayi aliyense adziŵa kuti lichero lodzaza mpaka m'milomo silipeteka.

Mu 1956 George Miller adalemba kuti munthu amagwira zinthu pafupifupi 7 nthaŵi imodzi, mwina kuchepera ndi ziŵiri kapena kuposa ndi ziŵiri. Kafukufuku wa pambuyo pake adatsitsa chiŵerengerochi. Mu 2001 Nelson Cowan adasonyeza kuti munthu wamkulu amagwira pafupifupi zinthu 4, ndipo ana aang'ono amagwira zocheperapo.

Komabe Miller adaonanso chinthu china chothandiza kwambiri kwa mphunzitsi. Kukula kwa chinthu chimodzi kumadalira zimene munthu akudziŵa kale. Onani manambala aŵa: 1 9 6 4 1 9 9 4. Kwa mlendo ameneŵa ndi manambala 8 ovuta kusunga. Kwa inu ndi zinthu ziŵiri zokha, chaka chimene Malaŵi adalandira ufulu wodzilamulira ndi chaka chimene sukulu za pulaimale zidakhala zaulere. Chimodzimodzi ndi liwu loti chimanga. Mwana wongoyamba kumene amaona malembo 8. Amene waphunzira maphatikizo amaona zinthu zitatu: chi, ma, nga. Inu mumaona chinthu chimodzi. Apa ndi pamene aphunzitsi ambiri amalakwira. Chimene kwa iwo ndi chimodzi amaganiza kuti kwa mwananso ndi chimodzi.

John Sweller wa ku Australia adatenga mfundo zimenezi n'kuzibweretsa m'kalasi, makamaka m'zolemba zake za mu 1988. Iye ndi anzake adasonyeza kuti phunziro limasenzetsa mwana katundu wa mitundu yosiyana. Pali katundu wa phunziro lenilenilo, amene sitingamuchotse. Palinso katundu wongobwera chifukwa cha kaphunzitsidwe, monga malangizo aatali, zithunzi zosagwirizana ndi mutu, ndi kusinthasintha zipangizo. Katundu wachiŵiriyu ali m'manja mwa mphunzitsi.

Tibwerere ku samu ya mtsikana uja, 52 kuchotsa 17. Mwana ayenera kugwira kuti 7 sangachoke pa 2, kuti abwereke khumi, kuti 5 wasanduka 4, ndi kuti 2 wasanduka 12. Izi ndi zinthu zinayi kale, ndipo lichero ladzaza. Tsono mukathiramo mawu a nyimbo, mitundu ya zitsekerero ndi zithunzi za patchati, china chiyenera kutayika, ndipo kaŵirikaŵiri chimatayika ndi samuyo.

Mtengo wa kusankha

Anthu ambiri amakhulupirira kuti zosankha zikachuluka munthu amasangalala. Mu 2000 Sheena Iyengar ndi Mark Lepper adafalitsa zimene adapeza poyesa chikhulupiriro chimenechi m'sitolo ina yaikulu ku California. Nthaŵi zina ankaika patebulo mitundu 24 ya jamu kuti anthu alaŵe, nthaŵi zina mitundu 6 yokha. Tebulo la mitundu yambiri lidakopa anthu ochuluka. Koma mwa anthu 100 alionse amene adaima pamenepo, pafupifupi atatu okha ndiwo adagula, pamene patebulo la mitundu 6 adagula pafupifupi 30.

Ofufuza omweŵa adayesanso ophunzira a payunivesite. Adawapatsa mwayi wolemba chimangirizo kuti awonjezere malikisi. Ena adapatsidwa mitu 6 yosankhapo, ena mitu 30. Mwa ophunzira 100 alionse a mitu 6, okwana 74 adalemba, pamene mwa a mitu 30 adalemba 60. Zimangirizo za a mitu yochepawo zidalinso zabwinopo.

Tiyenera kunena zoona zonse pa nkhaniyi. Mu 2010 Benjamin Scheibehenne ndi anzake adasonkhanitsa zoyesa 50 za mtundu umeneŵu, ndipo adapeza kuti kuchuluka kwa zosankha sikusokoneza anthu nthaŵi zonse. M'zoyesa zina anthu adakondwera nako. Ofufuza a pambuyo pake adasonyeza kuti kumasokoneza makamaka pamene munthu sakudziŵa bwino chimene akufuna, pamene zosankhazo n'zovuta kuyerekeza, ndi pamene nthaŵi ndi yochepa. Mlimi wodziŵa nthaka ya munda wake savutika kusankha mbewu ngakhale m'sitolo muli mitundu khumi. Koma mphunzitsi wongoyamba kumene, amene ali ndi maphunziro asanu oti akonze usiku umodzi, ndiye munthu weniweni amene zinthu zitatu zonsezi zamugwera pamodzi. Mwana wa Sitandade 4 wouzidwa kuti alembe za chilichonse chimene akufuna alinso m'gulu lomwelo.

Herbert Simon uja adasiyanitsa njira ziŵiri zosankhira. Wina amafunafuna chabwino koposa zonse, ndipo sapuma mpaka ataona zonse. Wina amayamba wadziŵa zimene akufuna, ndipo akapeza choyamba chokwaniritsa zimenezo amatenga n'kupitirira. Barry Schwartz, m'buku lake la mu 2004 lotchedwa The Paradox of Choice, adafotokoza kuti anthu a njira yoyambayo amakhala osakhutira ndi odandaula ngakhale atasankha bwino, chifukwa mtima wawo umatsalira pa zimene adasiya. Pa intaneti palibe amene angaone zonse. Wofuna njira yabwino koposa yophunzitsira kuchotsera adzafika m'bandakucha asanalembe chikonzekero.

Zimene mungachite pokonzekera

1. Yambani ndi cholinga, zipangizo zibwere pambuyo. Musanatsegule buku lina lililonse kapena foni, lembani chiganizo chimodzi chonena chimene mwana adzathe kuchita phunziro likamatha. Chiganizo chimenechi ndicho sefa yanu. Nyimbo, tchati kapena seŵero limene silithandiza cholingacho lisiyeni, ngakhale likhale lokoma bwanji.

2. Dziŵani chitsime chanu chachikulu. Silabasi ndi buku la mphunzitsi zikhale poyambira. Pitani kwina pokhapokha muli ndi funso lenileni limene bukulo silidayankhe, ndipo mukapeza yankho tsekani foni. Kumbukiraninso kuti si zonse zoyenda m'magulu a pafoni zimene zili zolondola. Funsani kuti chalembedwa ndi yani, ndiponso ngati chikugwirizana ndi silabasi yathu.

3. Dziikireni malire a nthaŵi. Ngati mwagamula kuti chikonzekero chimodzi chitenge theka la ola, nthaŵiyo ikakwana tengani njira imene muli nayo. Phunziro labwino lophunzitsidwa ndi mphunzitsi amene wagona mokwanira limaposa phunziro lokongola la mphunzitsi wosinza.

4. Zinthu zobwerezabwereza muzigamule kamodzi. M'sabata yoyamba khazikitsani mmene ana aziloŵera, amene azigaŵa mabuku, mmene magulu azikhalira, chizindikiro chokhalitsira chete ndi kumene makope aziikidwa. Chizoloŵezi chikakhazikika, zinthu zimenezi sizidyanso maganizo anu kapena a ana. Mukamaonerera mphunzitsi wakale mudzaona kuti akuoneka wodekha. Chinsinsi chake n'chakuti zambiri adazigamula kalekale, ndipo mutu wake watsala ndi malo oganizira za mwana amene sakumvetsa.

5. Sungani kope la zimene mwasiya. Njira yabwino imene simudaigwiritse ntchito lero ilembeni m'kope lapadera. Mtima umavomera kusiya chinthu ukadziŵa kuti sichidatayike, ndipo podzabwereza mutuwo mudzakhala ndi poyambira.

6. Malangizo akasemphana, funsani. Zimachitika kuti mphunzitsi wa kukoleji wanena china ndipo wokuyang'anirani pasukulu wanenanso china. Musayese kukondweretsa onse aŵiri m'phunziro limodzi, pakuti mapanga aŵiri avumbwitsa. Pitani mwaulemu mukawafotokozere, ndipo mugwirizane njira imodzi yoti muyese.

Zimene mungachite pophunzitsa

1. Chinthu chatsopano chikhale chimodzi. Ngati samu ndi yatsopano, chipangizo chikhale chimene ana adachizoloŵera. Ngati chipangizo n'chatsopano, chiyeseni pa samu imene ana akuidziŵa kale. Kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, kumene timakutcha TALULAR, ndi nzeru yabwino kwambiri, koma sikutanthauza kubweretsa zonse tsiku limodzi.

2. Sonyezani chitsanzo chathunthu ana asanayese okha. Sweller ndi anzake adapeza kuti oyamba kumene amaphunzira msanga poona samu yosovedwa bwino kusiyana ndi kungosiyidwa kuti adzipezere njira. Pa 52 kuchotsa 17, ikani mitolo 5 ya timitengo khumikhumi ndi timitengo tiŵiri tapadera. Funsani ngati tingachotse 7 pa tiŵiriti. Masulani mtolo umodzi ana akuona, ndipo aŵerenge kuti mitolo yatsala 4 ndipo timitengo tapadera takwana 12. Chotsani 7, patsala 5. Chotsani mtolo umodzi, patsala 3. Lembani sitepe iliyonse pabolodi pamene mukuichita, ndipo musafute mpaka ana atamaliza ntchito yawo. Bolodi likamasunga masitepe, mutu wa mwana supanikizika. Ana akayamba kukhoza, chepetsani thandizo pang'onopang'ono mpaka azisova okha.

3. Perekani malangizo amodziamodzi. Mphunzitsi akanena kuti, "Tsekani mabuku, tulutsani makope, lembani deti, jambulani mzere, kenaka mukhale m'magulu a anthu asanu," ana ambiri amagwira choyamba ndi chomaliza. Nenani chimodzi, dikirani chichitike, kenaka nenani china.

4. Musalankhule pamene ana akukopera kapena kuŵerenga. Mawu a m'khutu ndi mawu a papepala amalimbirana malo amodzi m'mutu. Ngati muli ndi chonena, auzeni ayambe aika pansi zolembera.

5. Dikirani mukafunsa funso. M'zaka za m'ma 1970 Mary Budd Rowe adapeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanaloze mwana wina kapena kufunsa funso lina. Aphunzitsi atayamba kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho adatalika ndipo ana ambiri adayamba kuyankha. Mafunso otsatizana mofulumira amangounjikana m'mutu mwa mwana.

6. Samalani zopachika pakhoma. Mu 2014 Anna Fisher ndi anzake a ku Carnegie Mellon University adaphunzitsa ana aang'ono 24 maphunziro a sayansi, ena m'chipinda chodzaza ndi zithunzi, ena m'chipinda chopanda zopachika. M'chipinda chodzazacho ana adataya nthaŵi yambiri akuyang'ana kumakoma, ndipo adakhoza zochepa. Anaŵa adali ochepa, choncho tisathamangire kunena kuti makoma akhale opanda kanthu. M'sukulu zathu zambiri tchati ndilo buku lokhalo limene mwana angaŵerenge. Phunziro lake n'lakuti pafupi ndi bolodi pakhale zokhazo za mutu umene mukuphunzitsa, ndipo zakale zisunthidwe kumbuyo kapena zisungidwe.

7. Apatseni ana zosankha zochepa koma zenizeni. M'malo mowauza kuti alembe chimangirizo pa mutu uliwonse, apatseni mitu iŵiri kapena itatu imene akuidziŵa bwino, monga tsiku la msika, ntchito ya kudimba kapena ulendo wa kuchigayo. Mwana amamva kuti wasankha yekha, komanso sataya theka la nthaŵi akuluma pensulo. Akamakula ndi kuzoloŵera, onjezerani ufulu.

Chenjezo

Pasapezeke wina wotenga phunziro lino ngati chilolezo cha ulesi. Kusankha chimodzi mwa zinthu khumi kumafuna kuganiza kwambiri kuposa kunyamula zonse khumi, chifukwa muyenera kudziŵa chifukwa chimene mwasiyira zisanu ndi zinayizo. Ndiponso mphunzitsi sayenera kuleka kuŵerenga ndi kufunafuna njira zatsopano. Nthaŵi yake ndi ya tchuthi, ya kumapeto kwa sabata ndi ya misonkhano ya aphunzitsi, pamene mutu uli pamtendere. Yesani njira yatsopano imodzi, muipatse sabata ziŵiri kapena zitatu, muone zotsatira m'makope a ana, kenaka mugamule kuisunga kapena kuisiya. Pamene nkhokwe yanu ikudzaza, zosankha zimene lero zikukuzunguzani mutu zidzapepuka monga zimapepukira kwa mlimi uja m'sitolo ya mbewu.

Tisaiŵalenso cholinga chachikulu. Ana amene mukuwaphunzitsa akukulira m'dziko la nkhani zosaŵerengeka, zoona ndi zabodza zosakanikirana. Mwana amene waona mphunzitsi wake akufunsa kuti, "Pa zonsezi, chofunika n'chiti?" waphunzira luso limene adzaligwiritsa ntchito moyo wake wonse.

Mathero

Patapita sabata ziŵiri ndidabwereranso kusukulu kuja. Mtsikana uja ankabwereza mutu womwewo. Adaloŵa ndi mitolo ya timitengo yokha ndi choko. Adasonyeza zitsanzo ziŵiri, lachitatu adasova pamodzi ndi ana, kenaka adawapatsa masamu anayi. Panalibe chodabwitsa m'phunzirolo, ndipo m'kalasi mudali bata. Koma titayang'ana m'makope tidapeza kuti ana ambiri adakhoza, ndipo iye adali atapeza nthaŵi yoŵerama pa ana atatu amene adatsalira. Nyimbo ija adaiimbitsa Lachisanu pobwereza, ana atadziŵa kale chimene ikunena.

Ntchito

1. Tengani chikonzekero chimodzi chimene mudalemba kale. Lembani cholinga chake m'chiganizo chimodzi, kenaka chongani chilichonse chimene sichikuthandiza cholingacho.

2. Sankhani liwu la maphatikizo anayi. Fotokozani kuti ndi zinthu zingati kwa mwana wa Sitandade 1, kwa mwana wa Sitandade 3 ndi kwa inu. Kodi zimenezi zisintha bwanji kaphunzitsidwe kanu?

3. Onererani mphunzitsi wakale kwa phunziro limodzi. Lembani zinthu zisanu zimene zimachitika m'kalasi mwake popanda iye kulamula.

4. Kambiranani m'magulu: ndi nthaŵi iti pamene kupatsa ana zosankha zambiri kungakhale kothandiza? Perekani chitsanzo cha sitandade ndi phunziro.